Mwala wa Zikiri

Ku Eni-Sela nyumba yoyengera mafuta ndi imodzi yokha. M'khoma lake la kum'mawa anasemamo mpata wautali, ndipo mumpatamo mumakhala miyala. Banja lililonse lili ndi mwala wake, wokhala ndi chizindikiro chake. Ukathyola azitona ako umabwera kudzaika mwala wako kumapeto kwa mzere, n'kubwerera kwanu kukadikira. Woyenga amatenga mwala wa kutsogolo n'kuitana mwini wake. Salumpha mwala. Wa madengu makumi anayi ndi wa madengu awiri amadikira chimodzimodzi, pakuti azitona akachoka mumtengo sasamala kuti mwini wake ndani. Pakapita masiku atatu kapena anayi amayamba kutentha m'dengu, ndipo mafuta ake amatuluka owawa, ongoyenera nyale.

Woyenga anali Pedaya. Nyumbayo sinali ya makolo ake, inali ya kwawo kwa mkazi wake, Hogila. Anagwiramo ntchito zaka makumi atatu ali awiri, iye pa mtanda wopsinjira ndi miyala yake yolemera, Hogila pa madengu ndi mitsuko. Hogila atamwalira, mlongo wake Maaseya, mmodzi wa akulu okhala pachipata, anati alamu apitirize. Pedaya anapitiriza. M'mphepete mwa dzenje lolandirira mafuta, pomwe Hogila anamatapo njereza chaka china, panatsala zala zake zinayi zitadinda. M'mawa uliwonse Pedaya ankayamba wapukuta pamenepo asanagwire china chilichonse. Sanauzepo munthu chifukwa chake, ndipo panalibe womufunsa. Anali munthu woti ukamupatsa moni amangogwedeza mutu, tsiku n'kutha.

Chaka chimenecho nkhani inayambira pa ndodo. Lamulo limene makolo analandira kwa Chauta linali lakuti mtengo wa azitona umakwapulidwa kamodzi. Zogwa ndi zako. Zotsala m'nthambi ndi za amasiye ndi alendo opanda munda, amene amabwera pambuyo kudzakunkha. Koma mvula inali itavuta zaka ziwiri, mitengo inabala monyinyirika, ndipo wina, sitikudziwa kuti anayamba ndani, anabwerera ku mtengo wake kachiwiri ndi ndodo yaitali. Mnzake anaona, nayenso anabwerera. Sabata isanafike mapiri onse ankangomveka kho, kho, kho, ndipo amayi okunkha ankabwerako ndi masamba okhaokha m'nsalu.

Pedaya nayenso anabwerera. Mitengo yake inali iwiri yokha. Anatola theka la dengu, naliika pakona m'nyumba yoyengeramo, nalivundikira ndi chiguduli. Sanaliyenge, sanalitayenso.

Ndiye kunali Zikiri. Sanachokere kutali ayi. Ankasoka matumba a zikopa kuseri kwa chitsime, munthu wowonda, wa mawu osasa, amene tonse tinamuona akukula. Zaka zingapo m'mbuyomo anali atayamba kunena kuti Chauta amamuyankhula, ndipo anthu ankangomulekerera monga umalekerera tambala wa mnansi. Koma m'mawa wina, akulu atakhala kale pamiyala yawo pachipata, anaima pakati atanyamula ndodo yothyoka.

"Chauta akuti wamva ndodo zanu," anatero. "Akuti ndodo yoyamba anakupatsani ndi iye. Yachiwiriyi mukumenya nayo iye."

"Wayambapo uja," anatero wina.

"Akuti mukapanda kuleka, mitengo imene mukuimana amasiyeyi adzadya ndi anthu amene simukuwadziwa."

"Iwe Zikiri," anafuula Yediya wosula zitsulo, "thumba unandisokera lija likudonthabe. Za limenelo Chauta sanakunong'oneze?"

Anthu anaseka. Akanalekera pomwepo akanangomuseka basi, monga kale. Koma Zikiri anayamba kutchula maina.

"Inu a Maaseya, mitengo makumi asanu ndi limodzi, yonse kawiri. Inu a Yediya, mwakwapula mpaka nthambi kusweka. Mayi Azuba dzulo ayenda munda wanu wonse, atola azitona osadzaza dzanja." Anatembenuka, maso ake nakagwa pa Pedaya, amene anaima kumbuyo ndi chingwe paphewa. Anazengereza pang'ono. "Inunso a Pedaya. Mitengo iwiri yokha, koma inunso. Mayi Hogila akanakhala moyo akanakulandani ndodoyo."

Kuseka kunatha. Pedaya anamva nkhope ikutentha mpaka m'makutu. Anakonza chingwe paphewa nabwerera ku ntchito.

Akulu anagamula tsiku lomwelo. Zikiri asapatsidwe moni, asapatsidwe moto, asayengeredwe mafuta, kufikira atadzaima pachipata pomwepo n'kunena kuti anangolota. Anamutumira mawu. Iye anayankha kuti sanalote.

Mwala wake unali kale pamzere, wachitatu, wakuda, wokandidwa chizindikiro cha singano. Azitona ake, madengu asanu, anali atathyola kale dzulo lake. Masana Maaseya analowa m'nyumba yoyengera, natenga mwalawo, natuluka nawo, nauponya kuchigwa chakuseri komwe timatayako zinyalala.

"Alamu, mwaona?"

"Ndaona."

"Basi, yatha. Wakuchititsani manyazi inu nomwe. Mpaka kufukula mlongo wanga m'manda! Munthu wotani ameneyu?"

Pedaya anapitiriza kumanga chingwe. Tsiku limenelo anayengera eni miyala iwiri yakutsogolo.

M'mawa mwake anapukuta zala za Hogila, natambasula dzanja kumpata wa miyala. Pomwe panali mwala wakuda panatsala kabwalo koyera pafumbi. Wotsatira unali wa Maaseya. Pedaya anaima nthawi yaitali dzanja lili m'malere. Iye sankamukonda Zikiri, ndipo kuyambira dzulo lake ankamuda ndithu. Koma anakumbukira chaka china pamene apongozi ake, bambo wake wa Hogila ndi Maaseya, anafuna kulowetsa madengu awo patsogolo pa m'busa wina wosauka. Hogila anaima pakhomo manja ali m'chiuno, nati, "Atate, mwala sudziwa chibale." Mkuluyo anakalipa, koma anadikira.

Pedaya anatenga ndodo yake yoyendera natsikira kuchigwa.

Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi satsika chigwa chimenecho mothamanga. Minga inamukala m'miyendo, mawondo analira. Miyala yakuda kuchigwako ndi yosawerengeka, ndipo anaitembenuza umodziumodzi kufikira dzuwa litafika pamutu. Anaupeza pansi pa phale la mtsuko wosweka. Anaupukuta ndi malovu, singano ija inaoneka. Anakwera nawo nakaubwezera pa kabwalo kake.

Posakhalitsa abulu a Maaseya anafika ndi madengu makumi anayi, akuwakusa Elasa, mkamwini wake, bambo wamphamvu wa ndevu zambiri. Maaseya analowa akupukuta thukuta, maso ake nakagwa pamzere.

"Mwala uwu wabwerera ndi miyendo?"

"Yanga."

"Alamu, akulu anagamula."

"Anagamula."

"Ndiye?"

"Wotsatira ndi wa Zikiri."

"Simumuyengera ameneyo."

"Ndiye sindiyenga."

Anatuluka nakakhala pamwala wa pakhomo, ndodo ili pakati pa miyendo.

Maaseya anaseka, poganiza kuti ndi zakanthawi. Kenako anakalipa. Kenako anaitana anzake a pachipata, nabwera onse kudzazinga Pedaya. Wina anamunyengerera, wina anamukumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga. Yediya anati, "Akulu inu, wamisala uja wakulodzani kapena? Wakutukwanani dzulo, lero mukumulondera ngati mkazi wanu?" Pedaya ankangoyang'ana nyerere zikudutsa pa chala chake.

"Musiyeni," anatero Elasa. "Kuyenga n'chiyani? Kuphwanya, kuika m'madengu, kupsinja. Ndakhala ndikuona kuyambira ndili mwana."

Analowa ndi anzake awiri. Kuphwanya pamphero anaphwanya bwino, mphamvu anali nazo. Anadzaza phala la azitona m'madengu ofinyira, nawasanjikiza pansi pa mtanda. Koma mulu wa madengu umafuna diso. Ukapendekeka ngakhale chala chimodzi, wapita. Ndipo miyala yolemera imapachikidwa pa mtanda umodziumodzi, ukudikira kuti mafuta ayambe okha kuyenda. Elasa anapachika itatu nthawi imodzi. Kunamveka phuu! Dengu lapakati linaphulika, mulu wonse unagwera kumbali, mtanda unagunda pansi, ndipo Elasa anatuluka phala lili m'ndevu mpaka m'maso.

"Mkamwini wa a Maaseya wadzozedwa ufumu!" anafuula mayi wina, ndipo ngakhale akulu ena anabisa kukamwa.

Pedaya sanaseke. Anangofunsa osatembenuka, "Mtanda wasweka?"

"Ayi."

"Chabwino."

Tsiku linatha choncho. Lotsatira mzere wa miyala unatalika, madengu anaunjikana pabwalo, ndipo aliyense wodutsa ankapisa dzanja m'dengu lake kuti amve ngati ayamba kutentha. Pedaya anabwera m'mawa monga mwa masiku onse, anapukuta dzenje, anakonza zimene Elasa anaononga, nakakhalanso pakhomo.

Azuba, mayi wamasiye uja, anamupeza pomwepo. Anali wamfupi, wa lilime lakuthwa, ndipo anabwera akupuma mwaukali.

"A Pedaya, mukuganiza kuti mukuthandiza ndani?"

Pedaya anamuyang'ana.

"Ine ndinamutuma ameneyo kuti akanditchule pachipata? Ndinamutuma? Kale akazi a akuluwa ankandigawirako kamtsuko pa chikondwerero. Dzulo ndapita kukapala moto kwa a Yediya, akuti pitani kwa mneneri wanu. Mneneri wanga! Ndinabereka mneneri ine? Njala ndinali nayo kale, tsopano wandionjezera adani."

"Ananama?"

"Kunama sananame. Koma choona sichiphikidwa, bambo." Anakoka nsalu yake kumutu. "Nkhutukumve ziwiri m'mudzi umodzi. Chauta atichitire chifundo."

Dzuwa litapendeka kunabwera Zikiri mwiniwake. Anthu a pabwalo anamupatukira ngati wakhate. Anaima patali pang'ono, manja ake ali akuda ndi utoto wa zikopa.

"A Pedaya, chotsani mwala wanga. Musataye nyumba ino chifukwa cha ine."

"Si chifukwa cha iwe."

"Nanga n'chifukwa cha chiyani?"

"Mzere."

Zikiri anayang'ana pansi. "Za Mayi Hogila zija..."

"Usamutchulenso."

"Sindimutchulanso." Kenako anayankhula motsitsa, mawu ake osasa aja akuduka. "Ankandipatsa mkate ndili mwana wamasiye, inu mukudziwa. Nditakuonani pachipata paja ndinafuna ndikudumpheni. Mitengo iwiri yokha, ndani akanadziwa? Ndinapempha mumtima kuti dzina lanu lindipitirire. Sindinaloledwe. Mukuganiza kuti ndimakondwa nazo? Ndinali ndi anzanga ine m'mudzi muno. Ndinkasoka matumba anga, anthu n'kumandiseka za chabechabe, ine n'kumaseka nawo."

Pedaya anakweza maso, namuyang'anitsitsa kwa nthawi yoyamba chichitikire zija. Anaona munthu wotopa, wosadya bwino, milomo itang'ambika.

"Nawenso sulumpha mwala," anatero.

Zikiri anatembenuka kuti azipita.

"Azitona ako uwayale pamphasa, pamthunzi. Usawasiye m'dengu."

M'mawa wa tsiku lachitatu fungo linayamba kumveka pabwalo, fungo lija lowawasa limene woyenga aliyense amaliopa. Maaseya anabwera yekha, wopanda anzake. Anapisa dzanja m'dengu lake limodzi, nalitulutsa msanga. Anadzakhala pansi pafupi ndi mlamu wake, ndipo kwa kanthawi anali madoda awiri okalamba oyang'ana abulu.

"Alamu," anatero potsiriza, "ine si chilombo. Ndili ndi anthu khumi ndi anayi pakhomo panga. Mvula ikakana, ndiwadyetse malamulo?"

Pedaya sanatsutse.

"Muyengereni wamisala wanuyo, anthu asaonongekerwe. Koma akulu agwirizana. Iyeyo mafuta akewo akadyere kwina, m'mudzi muno achoke. Ndipo inu, nyengo ino ikatha, nyumba ino ibwerera kwa eni ake. Sindingathe kukutetezani. Mwatiderera pamaso pa anthu."

"Ndamva."

"Pali njira ina. Chotsani mwalawo ndi dzanja lanu, lero, ndipo zonsezi tiiwala. Mufera m'nyumba muno monga mmene mlongo wanga akanafunira."

Pedaya anatembenuka nayang'ana mkati, kudutsa mtanda, mpaka pa dzenje lija. Kuchokera pakhomo zala zinayi zija sizioneka, koma iye ankadziwa pamene zili. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Zaka makumi atatu, alamu!" anatero Maaseya. "Chifukwa cha madengu asanu?"

"Asanu," anatero Pedaya. Anadzuka, nakatenga mwala wakuda uja, naima pakhomo, naitana monga amaitanira aliyense, ndi mawu amene anthu ambiri anali asanawamvepo akukwera chotero. "Zikiri mwana wa Abida! Mwala wako!"

Panalibe wofuna kugwira madengu a Zikiri, choncho anagwira awiriwo. Mneneriyo ntchito imeneyi sankaidziwa. Anadziponda ndi mwala wa mphero, anataya phala pansi, ndipo Pedaya anachita kumukankhira kumbali kawiri. Anthu anadzaza pakhomo.

"Mneneri, losera kuti mafuta achuluke!"

"Funsa kumwamba ngati thumba la a Yediya lidzasiye kudontha!"

Pedaya anasanja madengu, nawayang'ana ndi diso limodzi, nawongola lachitatu. Anapachika mwala woyamba nadikira. Mtanda unalira pang'onopang'ono. Madzi akuda anayamba kutsika m'mbali mwa madengu, kenako pamwamba pake panaoneka mzere wobiriwira ukuyenda kulowa m'dzenje. Anapachika wachiwiri. Pofika masana anali atawengula mitsuko iwiri. Anaviika chala nalawa. Kuwawa kunalipo, koma pang'ono. Mphasa ija inathandiza.

"Adyeka," anatero.

Zikiri anapukuta manja. "A Pedaya, kodi ndiye kuti mwamva zimene ndinanena?"

"Sindinatero." Anali atatambasula kale dzanja kumpata. "Maaseya mwana wa Hodiya! Mwala wanu!"

Zikiri anachoka m'mawa mwake, mtsuko umodzi kumsana, zida zake zosokera m'thumba. Pachipata anaima natembenuka, nanenanso mawu omwe aja, osaonjezera, osachotsera. Panalibe woseka tsopano, panalibenso womvera. Wina anamugenda ndi ndowe youma ya bulu, inamugunda paphewa. Anatsika njira ya kuchigwa osacheukanso. Mtsuko winawo unapezeka pakhomo pa Azuba. Mayiyo anayang'ana uku ndi uku, natukwana pang'ono, naulowetsa m'nyumba.

Pedaya anayenga nyengo yonse mpaka mwala womaliza. Mafuta a Maaseya anatuluka owawirapo, ndipo anthu ambiri chaka chimenecho anadya mkate akukwinya nkhope n'kumatchula dzina la Pedaya. Moni anasiya kumupatsa. Iye sanaone kusiyana kwenikweni.

Tsiku lomaliza anatsuka mphero ndi dzenje, napachika madengu kuti aume. Elasa anabwera kudzalandira nyumba, akuyang'ana kumbali mwamanyazi. Pedaya anamupatsa zingwe, namutengera pa mtanda.

"Mwala umodzi. Udikire. Ukamva mtanda wasiya kulira, wina."

"Ndamva, bambo."

"Apa," analoza zala zija, "usamatepo."

"Sindimatapo."

Elasa anayamba kusonkhanitsa miyala ya mabanja kuti aisunge mpaka chaka chamawa. Atafika pa wakuda uja anaugwira mokayika.

"Nanga uwu? Mwini wake kulibe."

"Mitengo yake ilipo."

Elasa anayang'ana kukhomo ngati kukubwera munthu. Kenako anauika pamodzi ndi inzake.

Pedaya anapita pakona navundukula chiguduli chija. Azitona a ndodo yachiwiri anali ataola kalekale, atamera nkhungu yoyera, osathekanso kupatsa munthu. Ananyamula dengulo natuluka nalo osayang'ana m'mbuyo. Anakwera kumunda kwake nakhuthula zoolazo patsinde pa mitengo yake iwiri, nakwirira ndi dothi. Ndodo yaitali ija inali itatsamira panthambi pomwe anaisiya. Anaitenga, naiika pa bondo kuti aithyole, koma inali yolimba ndipo bondo linali lokalamba. Anachita kuipanikiza pakati pa miyala iwiri.

Chaka chotsatira mvula inagwa bwinoko, koma ndodo ku Eni-Sela zinalirabe kawiri. Chizolowezi chikalowa sichifunsanso za mvula. Azuba ankayenda minda yonse n'kubwerako ndi masamba, kupatula kumunda umodzi waung'ono kumtunda, komwe ankachedwako mpaka nsalu kulemera. Pobwerera ankadutsa pakhomo pa Pedaya, ndipo ankamupeza atakhala panja, manja opanda chogwira ali pamawondo.

"Mitengo yanu ija mwaikwapula ngati mukuiopa," ankatero. "Mwakalamba, bambo."

Pedaya ankangogwedeza mutu.